Malo aulere a ku Nebraska: anaswa mphanje ndani, analipira ndani?

NaBanda wa ku Lincoln: Moni nonse pagulu pano. Loweruka ndinapuma kuntchito, ndiye ana anandivutitsa kuti tikaone malo ena amene anawauza kusukulu. Ndi kufupi ndi tauni ya Beatrice, pafupifupi ola limodzi pa galimoto kuchokera kuno ku Lincoln, m'chigawo cha Nebraska ku America, kulowera kummwera. Amawatcha Homestead National Historical Park, ndipo pachipata salipiritsa. Kale unali munda wa bambo wina, Daniel Freeman, amene amati ndiye woyamba kulembetsa malo pa lamulo la Homestead Act. Lamulolo analisaina pulezidenti Abraham Lincoln pa 20 May 1862. Linkati munthu aliyense wa zaka 21, kapena mutu wa banja, atha kutenga maekala 160, kumangapo nyumba, kulima, kukhalapo zaka zisanu, basi malowo akhala ake. Ndalama yonse yolipira ku ofesi inali madola 18. Ndinapita ngati woperekeza ana, koma mpaka lero nkhaniyi sinandichoke m'mutu.

Chimwe wa ku Joni: Achemwali, maekala 160 pa madola 18? Fomu yake ili kuti? Mawa lomwe ndikusiya ntchito ya m'gadeni ino kkkk

Mlimi wa ku Mchinji: Ine ndili ndi maekala atatu ndipo chaka chilichonse kupalira kumandiposa mphamvu. 160 munthu mmodzi angalime bwanji opanda thirakitala?

NaBanda wa ku Lincoln: Chimwe, wachedwa nawo mchimwene wanga. Lamulolo linatha mu 1976, ku Alaska kokha ndi kumene linapitirira mpaka 1986. A Mlimi, funso lanu ndi lomwe linandigwira nditaima pamalopo. Maekala 160 ndi mahekitala pafupifupi 65. Anali kuwadula ngati bokosi, mbali iliyonse mamita 800. Pamalo oimikapo galimoto paja anapayeza dala kuti pakhale ekala imodzi ndendende, kuti mlendo aone ndi maso ake. Ndinaima pakona n'kuwerengera m'mutu kuti malo ngati amenewa 160, ndi udzu wofika m'mapewa. Mawondo anandiphwa.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba: Mayi NaBanda, mwatikumbutsa za m'kalasi. Ndionjezeko pang'ono za mkuluyu. Freeman anabadwira ku Ohio mu 1826 ndipo anaphunzira za udokotala. Lamuloli linayamba kugwira ntchito pa 1 January 1863, nkhondo yapachiweniweni ya ku America ili mkati, tsiku lomwelo limene Lincoln analengeza za kumasulidwa kwa akapolo m'zigawo zoukira boma. Nkhani imene Freeman ankafotokoza ndi yakuti iye anali pa ntchito ya asilikali a boma ndipo amayenera kunyamuka m'mawa kupita ku St. Louis. Usiku wa chaka chatsopano, pa phwando mu tauni ya Brownville m'mbali mwa mtsinje wa Missouri, anakumana ndi kalaliki wa ofesi ya malo n'kumunyengerera kuti atsegule ofesi nthawi itangopitirira 12 koloko usiku. Pepala lake linakhala nambala 1 pa ofesi imeneyo. Tsiku lomwelo anthu ena mazana analembetsanso m'maofesi ena m'dzikomo, choncho ulemu wa kukhala woyamba uli ndi mbali ina ya kudziwa kudzikweza. Koma boma linavomereza, ndipo mu 1936 munda wakewo unasandutsidwa malo achikumbutso.

Chimwe wa ku Joni: Ndiye kuti ngakhale kumeneko zinkayenda ndi kudziwana? Kutsegulitsa ofesi ya boma pakati pa usiku, pa mowa kkkk. Munthuyu anali ndi magazi a kwathu ndithu.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba: Za mowa mwaonjezera nokha, mwanawe. Ine ndati phwando.

NaBanda wa ku Lincoln: Koma aphunzitsi, chimene ndinaona ine n'chakuti Freeman anali wochenjera posankha malo. Anatenga m'mbali mwa kamtsinje kotchedwa Cub Creek, pamene pali madzi ndi mitengo. Ku Nebraska mtengo unali chuma. Iye anamanga nyumba ya zipika, pambuyo pake ya njerwa. Nyumba zakezo kulibenso, koma pamalopo anabweretsapo kanyumba ka zipika ka banja lina, ka George Palmer, komangidwa mu 1867. Ndinalowamo. Kukula kwake ndi mafiti 14 kwa 16, ngati chipinda chimodzi cha lendi ku Ndirande, ndi kachipinda kena kam'mwamba. M'menemo munkakhala bambo, mayi ndi ana khumi. Mbaula yophikira momwemo, bedi momwemo, tebulo momwemo. Mwana wanga wamkazi anafunsa kuti nanga munthu akafuna kukhala payekha amapita kuti. Ndinangomuyang'ana. Ana obadwira kuno ali ndi mafunso.

Ndiye taganizani, amenewo anali amwayi. Amene anafika mochedwa n'kupita chakumadzulo anapeza chidikha chopanda mtengo ngakhale umodzi, kuyang'ana uku udzu, uku udzu mpaka kumene thambo lagunda pansi.

Mlimi wa ku Mchinji: Nanga nyumba amamanga ndi chiyani? Amaumba zidina?

NaBanda wa ku Lincoln: Samaumba, amadula. Udzu wa kuno uli ndi mizu yolukanalukana ngati mphasa, yolowa pansi kwambiri. Amatenga pulawo yokokedwa ndi ng'ombe kapena mahatchi n'kusenda nthaka yapamwamba ija m'mizere, kenaka n'kuidula ndi fosholo kukhala zibuma zazikulu. Zibumazo amazisanja ngati njerwa, udzu kuyang'ana pansi, opanda matope omatira. Nyumba imodzi inkadya pafupifupi ekala ya nthaka. Mongoseka ankazitcha mabo ya ku Nebraska, kutengera dzina la mwala wodula uja womangira nyumba zapamwamba. Makoma ake okhuthala, m'chilimwe mozizira bwino, m'nyengo yozizira mofunda, ndipo moto wolusa wa m'tchire sumaitentha msanga. Vuto linali denga. Nalonso linali la zibuma zomwezo pamwamba pa timitengo. Mvula ikagwa tsiku limodzi kunja, m'nyumba imadontha masiku angapo, ndipo chodonthacho ndi matope. Amayi ankamanga nsalu kudenga kuti mbewa, njoka ndi dothi zisagwere mu mphika. Ena asanamange n'komwe amangokumba phanga m'mbali mwa chitunda n'kutseka kutsogolo, ng'ombe n'kumadya udzu pamwamba pa nyumba yako.

Nkhuni kunalibe. Amatola ndowe zouma, poyamba za njati, njati zitatha za ng'ombe. Ntchito ya amayi ndi ana imeneyo, kuyenda ndi wilibala m'tchire kutola ndowe, kuunjika mulu kuseri kwa nyumba kuti ukwane miyezi ya chisanu. Chimanga chitayamba kucha amasonkhezera zitsononkho, ena amapota udzu wouma kukhala timitolo.

Anaphiri a ku Dedza: Mwanawe, zitsononkho ndiye usatiuze ngati zachilendo, ifenso tasonkhezera kuno mitengo itatha m'phiri. Koma chimene chandimvetsa chisoni ine ndi china. Mwati munda uliwonse mbali yake mamita 800, ndipo aliyense amakhala pamunda pake. Ndiye kuti panalibe mudzi? Mayi akamva kuti nthawi yakwana amaitana ndani? Maliro amalira ndi ndani? Mchere ukatha amapempha kwa yani?

NaBanda wa ku Lincoln: Mayi anga, mwafika penipeni. Lamulo linkafuna kuti nyumba ikhale pamalo ako omwewo, ndiye anthu anamwazikana ngati nthanga. Woyandikana naye wapafupi kwambiri ali theka la mailo, nthawi zambiri kupitirira apo. Ena anali ochenjera: abale anayi amatenga malo ogundana n'kumanga nyumba pakona pamene minda inayi yakumana, kuti azionana utsi. Koma ambiri anali okha. Komanso woyandikana nayeyo mwina ndi Mjeremani, winayo wa ku Sweden, winayo wa ku Bohemia, simukumvana chilankhulo. Amuna ndalama zikatha amapita kukagwira ganyu ku njanji kapena ku tauni miyezi ingapo, mayi n'kutsala ndi ana, ziweto ndi mphepo. Mphepo ya kuno siileka, mayi. Ine ndili m'nyumba ya magetsi ndi foni m'manja, koma January akafika imandiliza ndikakumbuka kwathu ku Ntcheu.

Mkazi wa Freeman anali Agnes Suiter wa ku Iowa. Poyamba anali pa ubwenzi ndi mbale wake wa Daniel, amene anafera ku nkhondo ija. Daniel anamufunsira kudzera m'makalata, anakwatirana mu 1865, n'kubwera naye kumundako. Anabereka ana asanu ndi atatu. Bamboyo anali ndi zochita zambiri kunja, udokotala, mpaka anakhalapo mkulu wa apolisi wa boma la Gage County, kumene kuli mundawo. Inu mukuganiza kuti amene ankakhala pamalopo tsiku ndi tsiku kuti zaka zisanu zikwane anali ndani? Daniel anamwalira mu 1908, Agnes anakhalabe mpaka 1931. Manda awo ali pamtunda pomwepo, ndinafikapo. Koma dzina lotchuka ndi la bambo.

Tadala wa ku Leeds: Aunt, pamenepo ndionjeze kuti lamulolo linkalola akazi osakwatiwa ndi amasiye kulembetsa malo m'dzina lawo, zaka zambiri akazi asanaloledwe kuvota mu 1920. Pali chithunzi chotchuka cha 1886 cha atsikana anayi apachibale a banja la Chrisman ataima kutsogolo kwa nyumba ya zibuma ku Custer County. Anajambula ndi Solomon Butcher, amene iyenso anayesa ulimi n'kuulephera, ndiye anayamba kuyenda ndi kamera pa ngolo kujambula anzake. Chithunzi chake china chimandiseketsa: banja la Hilton linatulutsa limba lawo loimbira nyimbo n'kuliika pabwalo pakati pa ziweto, chifukwa mayi sanafune kuti abale kwawo aone nyumba yadothi imene ankakhalamo. Limba lioneke, nyumba isaoneke.

Chimwe wa ku Joni: Ameneyo ndi ine ndikamajambulitsa pa galimoto ya abwana n'kuika pa Facebook kkkk. Zinayamba kale eti.

Mlimi wa ku Mchinji: Tabwererani ku munda, abale. Ine ndikufuna ndimve za ulimi weniweni. Chaka choyamba amadya chiyani? Mphanje siibereka bwino chaka choyamba, tonse tikudziwa.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba: Bambo a ku Mchinji, apa ndi pamene mawu akuti aulere amayamba kusuluka. Malo anali madola 18, inde. Koma kuti uswe mphanje ya udzu umenewo umafunika pulawo yachitsulo cholimba, mtundu umene John Deere anayamba kupanga mu 1837, chifukwa mapulawo akale dothi limangomatirira. Umafunika ng'ombe zokoka, ngolo, mbewu, mbaula, zenera ndi chitseko, chitsime, ndi chakudya chokufikitsa ku zokolola zoyamba. Zonsezo zinali madola mazanamazana, pamene waganyu ankalandira pafupifupi dola imodzi patsiku. Wosaukitsitsa wa m'tauni sakanatha ngakhale kufika kumeneko. Chaka choyamba munthu amaswa maekala ochepa chabe. Pa nthaka yongotembenuzidwayo amatema ndi nkhwangwa, kuponyamo njere za chimanga, kuponda ndi chidendene. Zokolola zake zongoti tisafe. Nthaka imafewa chaka chachiwiri mizu ija itawola.

Kenaka mpanda. Popanda mitengo ungatchinge bwanji ng'ombe za anzako? Ena ankabzala mitengo yaminga yotchedwa Osage orange m'malire, mpaka waya waminga wa Joseph Glidden utabwera mu 1874.

NaBanda wa ku Lincoln: Mzere wa mitengo imeneyo umene anabzala Freeman ulipobe, aphunzitsi. Zipatso zake zobiriwira, zazikulu ngati mateme, zokhakhala, sizidyedwa. Mwana wanga wamwamuna anafuna kutola chimodzi, ndinamuletsa.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba: Mwachita bwino. Tsono 1874 yomweyo ndi chaka cha dzombe. Linatsika kuchokera cha ku mapiri a Rocky m'mwezi wa July, chilala chili kale, n'kuphimba Nebraska, Kansas, Dakota ndi madera oyandikana nawo. Linadya chimanga, tirigu, anyezi mpaka m'nthaka, makungwa a mitengo, zovala zoyanika. Zitsime zinaipa ndi dzombe lakufa, ndipo sitima zinkaterereka pa njanji. Chaka chotsatira dokotala wina wa ku Plattsmouth, Albert Child, anayeza khamu limene linadutsa kumeneko n'kupeza kuti linali mamailosi pafupifupi 1,800 m'litali ndi 110 m'lifupi. Boma linachita kutumiza asilikali kukagawa chakudya ndi zovala, ndipo linalola anthu kuchoka kaye paminda yawo osalandidwa. Mu 1877 Nebraska inakhazikitsa lamulo lakuti mwamuna aliyense wa zaka 16 mpaka 60 azigwira masiku awiri akupha dzombe likamaswa. Chodabwitsa n'chakuti mtundu umenewo wa dzombe unatheratu padziko, analiona komaliza mu 1902.

Anaphiri a ku Dedza: Aphunzitsi, anthu ankafa ndi njala ndiwo zikugwa kuchokera kumwamba? Analibe mchere ndi chiwaya?

Tadala wa ku Leeds: Kkkk agogo, simuli nokha. Katswiri wa tizilombo wa ku Missouri, Charles Riley, anawauza zomwezo, mpaka anaphika yekha n'kudyetsa anthu kuti aone kuti n'zokoma. Ambiri anakana kwamtuwagalu.

Anaphiri a ku Dedza: Ndiye njala yake inali isanafike pamutu.

NaBanda wa ku Lincoln: Ine dzombe sindiliopa, chimene ndimaopa ndi chisanu, chifukwa ndachilawa. Kuno aliyense amadziwa za 12 January 1888. Tsikulo kunacha kofunda bwino pambuyo pa masiku ozizira, ana anapita kusukulu ena opanda majasi, amuna anatulutsa ng'ombe. Masana mphepo inatembenuka mwadzidzidzi, chipale chofewa chouluka ngati ufa, munthu osaona dzanja lake lomwe. Ana anali m'timasukulu ta chipinda chimodzi pakati pa tchire. Anthu pafupifupi 235 anafa, kuphatikizapo ana ambiri. Ena anawapeza mamita ochepa kuchokera pakhomo pawo. Mphunzitsi wina wa zaka 19, Minnie Freeman wa ku Mira Valley, kutali ndi kwa Daniel, denga la sukulu litasasuka anatsogolera ana ake mumphepomo mpaka pa nyumba ina, onse anapulumuka. Mnzake Lois Royce wa ku Plainview anasochera ndi ana atatu, onse anamufera m'manja usiku, iye n'kudulidwa mapazi. Ndikamadikira basi ya ana m'mawa kukuzizira madigiri 20 pansi pa ziro, nkhani imeneyi imandibwerera.

Chimwe wa ku Joni: Fomu ija ndaibweza. Ndikhala konkuno.

Mwana wa ku Thyolo: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndilankhuleko. Tonse tikumva chisoni ndi anthu amenewa, chabwino, anavutikadi. Koma palibe amene wafunsa kuti boma la America malowo linawatenga kuti kuti lizigawa. Kwathu kuno tinamvapo kale nyimbo imeneyi yakuti malo anali opanda anthu. Harry Johnston atayamba kupereka zikalata za malo kwa azungu cha m'ma 1892, agogo athu anadzuka tsiku lina ali alendo pa esiteti, akugwira thangata kuti akhale pamalo. Ndiye ndikamva za mzungu wolimba mtima woswa mphanje, khutu langa limaima.

NaBanda wa ku Lincoln: Achimwene, simunalakwe, ndipo ndinadikira kuti wina afunse. Kunena zoona, m'nyumba yachionetsero ya pamalopo sabisa. Dera limene Freeman anatenga linali la anthu a mtundu wa Otoe-Missouria. Mu 1854 anawasainitsa pangano lopereka dziko lawo n'kuwasiyira kachigawo m'mbali mwa mtsinje wa Big Blue, kummwera kwa Gage County yomweyo. Ndiye kuti pamene Freeman ankamanga nyumba yake, eni nthaka anali pomwepo chapafupi, atapanikizidwa. Obwera atachuluka anayamba kusirira kachigawo komweko. Mbali ina inagulitsidwa mu 1876, yotsalayo mu 1881, anthuwo n'kusamutsidwira ku Oklahoma. Anthu a mtundu wa Pawnee anawasamutsa zaka za m'ma 1870 zomwezo. Pakhoma lina panja anaika mapu a chigawo chilichonse, atabooledwa kusonyeza gawo limene linaperekedwa pa lamuloli. Nebraska ndi 45 pa 100 alionse. M'dziko lonse maekala 270 miliyoni, gawo limodzi mwa magawo khumi a America.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba: Ndipo pali nkhani ya mfumu Standing Bear ya mtundu wa Ponca, imene mwana aliyense wa sukulu anayenera kuidziwa. Mu 1877 anawachotsa kwawo ku mtsinje wa Niobrara n'kuwayendetsa mpaka ku Oklahoma. Ambiri anafa panjira ndi atafika. Mwana wake wamwamuna akumwalira anapempha kuti akaikidwe kwawo. Mu January 1879, chisanu chili pachimake, mfumuyo inanyamula mafupa a mwana wake pa ngolo ndi anthu pafupifupi 30 kubwerera ku Nebraska. Anaimanga chifukwa chochoka kumene anaikidwa popanda chilolezo. Pa mlandu ku Omaha, boma linati Mwindiya, kutanthauza mbadwa yeniyeni ya ku America ngati iyeyo, si munthu woti n'kusuma m'khoti. Pa 12 May 1879 woweruza Elmer Dundy anagamula kuti ndi munthu pamaso pa lamulo. Taonani zaka: Freeman anali atakhala kale pamalo pake zaka zoposa khumi, ndi chikalata m'manja, pamene mwini dziko ankatsutsana ndi boma ngati iye ali munthu.

Mwana wa ku Thyolo: Basi, ndi zimene ndimafuna zimveke. Sindikuti Freeman anagwira mfuti kuthamangitsa munthu. Koma madola 18 aja anali otsika chifukwa wina anali atalipira kale.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Ndikugwirizana nanu pang'ono, koma tisawaike onse m'thumba limodzi. Ambiri mwa obwerawo anali amphawi othawa njala ndi eni minda ankhanza kwawo ku Ulaya. Sanali ngati eni maesiteti a ku Thyolo okhala pakhonde ena akuwalimira. Ankalima okha ndi ana awo. Komanso ndamva kuti akuda anzathu analandira nawo.

Tadala wa ku Leeds: Analandira nawo, bambo, nkhondo itatha ndi kukhala nzika mu 1866 ndi 1868. Mudzi wodziwika kwambiri ndi Nicodemus ku Kansas, umene unayamba mu 1877 ndi anthu ochokera ku Kentucky amene anali akapolo. Anawalonjeza dziko lokongola. Mayi wina, Willianna Hickman, anafika mu 1878 akudwala pa ngolo. Atamva anthu akufuula kuti tafika, anadzuka kuyang'ana, osaona nyumba ngakhale imodzi, koma utsi ukutuluka pansi. Anthu ankakhala m'maenje. Anayamba kulira. Komabe anapirira, anamanga matchalitchi, sukulu, masitolo. Chimene chinaupha mudziwo ndi njanji: inadutsa kwina chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880, amalonda n'kusamukira kumene kuli siteshoni. Mu 1879 akuda enanso zikwizikwi anathawa ku Mississippi ndi Louisiana kupita ku Kansas. Kwa munthu amene anabadwa ali katundu wa wina, chikalata cha malo chokhala ndi dzina lake chinali chinthu chachikulu zedi. Koma nawonso malowo anali a eni nthaka aja. Nkhaniyi ilibe mbali yoyera.

Mwana wa ku Thyolo: Za amphawi ndavomera, akulu ampingo. Amalume anga anasamuka kuno kupita ku Mangochi pa pulojekiti ya Kudzigulira Malo, cha m'ma 2006, analandira mahekitala awiri. Ndinakawaona chaka choyamba. Kamsasa ka udzu, madzi kutali, chipatala kutali, anthu a kumeneko akuwayang'ana ngati obwera. Azakhali ankalira usiku kufuna kubwerera ku tiyi konkuno. Anzawo ena anabwereradi. Iwo anakhala, lero ali ndi nyumba ya malata ndi nkhokwe. Ndiye moyo wa woswa mphanje ndikuudziwa pang'ono. Kusiyana kwake n'kwakuti malo awo anachita kugulidwa kwa eni esiteti ofuna kugulitsa, sanathamangitse munthu.

Mlimi wa ku Mchinji: Nanga ku America komweko, amene anakwanitsa zaka zisanu anali angati?

Mphunzitsi Wopuma wa ku Zomba: Zikalata zimene zinaperekedwa zinali pafupifupi 1.6 miliyoni, ndipo ena ambirimbiri anasiyira panjira. Zaka zisanu zikakwana umapita ku ofesi ndi mboni ziwiri zolumbira kuti unakhalapodi, unamanga, unalima. Wofulumira amatha kugula atakhala miyezi isanu ndi umodzi pa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala, ndipo pamenepo ndi pamene a ndalama ankalowera, kutuma anthu kukalembetsa kenaka n'kuwagula. Koma chimene chinagwetsa ambiri ndi mvula. Maekala 160 amakwana kummawa kwa Nebraska kumene kuli Freeman. Chakumadzulo mvula ndi yochepa. Katswiri wofufuza za nthaka, John Wesley Powell, anachenjeza boma mu 1878 kuti kumeneko munda wotere sungadyetse banja, sanamumvere. M'malo mwake makampani a njanji, amene anapatsidwanso malo ambiri oti agulitse, pamodzi ndi ophunzira ena ankafalitsa zoti ukalima mvula imatsatira pulawo. Zaka za m'ma 1880 mvula inagwadi bwino, anthu anakhamukira, anatenga ngongole poika minda chikole. Chilala cha m'ma 1890 chitafika, makamaka 1894, ngolo zinatembenuka kubwerera kummawa, minda n'kutsala m'manja mwa obwereketsa ndalama. Mu 1904 boma linavomera kulakwa kwake mwakachetechete ndi lamulo la Kinkaid, lopereka maekala 640 kumadzulo kwa Nebraska.

Mlimi wa ku Mchinji: Mvula kutsatira pulawo! Akanandifunsa ine. Ndalima zaka 30, sindinaionepo ikunditsatira.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Mayi NaBanda, funso lomaliza kwa ine. Anthu amenewa ankapemphera kuti? Freeman ameneyu anali wa mpingo wanji?

NaBanda wa ku Lincoln: Bambo, mukhumudwa naye kkkk. Ambiri ankapempherera m'nyumba za anthu kapena m'sukulu. Pafupi ndi munda wake pali kasukulu ka njerwa ka chipinda chimodzi, komangidwa mu 1872, kamene kanaphunzitsa ana mpaka 1967. Mu 1899 mphunzitsi wa pamenepo, Edith Beecher, ankawerengera ana Baibulo, kupemphera nawo ndi kuimba nyimbo za m'tchalitchi m'kalasi. Freeman anamuuza kuti asiye chifukwa ndi sukulu ya boma. Mphunzitsiyo anakana, akomiti anali kumbali yake. Mkuluyo, ali ndi zaka zoposa 70, anakasuma. Ku khoti la m'boma anagonja, anapita ku khoti lalikulu la Nebraska, ndipo mu 1902 anapambana.

Mkulu wa Mpingo ku Area 25: Aaa, ndiye munthu wake anali wotero? Kutsegulitsa ofesi usiku, kutsekera Baibulo kunja masana.

Anaphiri a ku Dedza: Ine mtima wanga watsala pa Agnes. Ana asanu ndi atatu, kutchire, ndi mwamuna wamilandu chonchi. NaBanda, ukadzapitanso undijambulire manda akewo ndione.

NaBanda wa ku Lincoln: Ndidzajambula, mayi. Tidzapitanso mu September udzu ukatalika, ana akufuna kukaona ngati ungandibise. Pamalopo anabwezeretsa udzu wachilengedwe pa maekala 100 kuyambira 1939, ndiye munda umene banja lija linaswa ndi thukuta pano ndi tchire ngati poyamba. Ndithawe kaye, ndikulowa ya usiku.